Madontho Ofiira pa Khoma la Wamakala

Zoti Mayi Mafelemu analemera ndi zithunzi za malemu Wamakala ndi bodza, ndipo amene anakuuzaniyo akatsuke m'kamwa. Wolemera wake uti woyenda ndi nsapato yomata ndi guluu wa mafelemu?

Mayiwa ali ndi nyumba yoonetsera ndi kugulitsa zithunzi, kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Anaitsegula ndi amuna awo, ndipo khoma loyang'ana pakhomo analipereka kwa mnzawo wa bambowo, Wamakala. Mkuluyu ankajambula ndi makala okhaokha, ndipo ankajambula manja basi: a wochapa, a wokhoma zidebe, a mayi wofinya thewera. Nkhope ayi. Anthu ankangoti "tiyeni kwa a manja aja", dzina la malowo n'kukhala lomwelo.

Kenaka ogula anasintha. Kunabwera a mahotela ndi a maofesi, ofuna njovu, ofuna chithunzi chogwirizana ndi makatani. Amuna a Mayi Mafelemu atamwalira, mwana wawo wamkazi analowa m'bizinesi, foni ili kukhutu.

"Amayi, khoma labwino lonseli mukusungira zala zakudazi? Njovu zanga zili kuseri kwa chitseko ngati zakuba!"

"Njovu ali nazo aliyense mumsewu muno, mwanawe. Tikachotsa manjawa tikhala ndani?"

"Tikhala anthu okhuta, amayi."

Ntchito imeneyi ili ndi kachitidwe kake. Chithunzi chikagulidwa amamata kadontho kofiira pambali pake, n'kuchisiya pakhoma mpaka mwezi uthe. Wamakala maso anali atachita nkhungu, ndiye Loweruka lililonse ankabwera n'kumayenda m'mbali mwa khoma, chala chikusisita, kufunafuna madontho. Loweruka lina anafika kumapeto osagunda kanthu. Anapukuta chala pamalaya.

"Alamu, kapena ndingosiya? Manja atha fasho."

Mayi Mafelemu anangoti akhale pansi amwe madzi. Sabata yotsatira chala chija chinagunda kadontho, mkulu uja n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Wagula ndani, alamu?"

"Mlendo wina. Dzina sanasiye."

"Anati chiyani?"

"Anati manjawa ndi a mayi ake enieni."

Kuyambira pamenepo madontho sanasowenso, ndipo Wamakala ankabwerera kwawo ndi kenakake m'thumba. Mwana uja ankangodabwa kuti alendo okonda manjawa amabwera iye akatuluka, komanso kuti njovu zikuyenda malonda koma phindu lake silioneka.

Wamakala anamwalira chaka chatha akudziyesa katswiri wofunidwa. Abale ake, amene ankasuzumira madontho pawindo, ndiwo anayambitsa mphekesera ija pamaliro pomwe. Mayi Mafelemu sanayankhe. Kuyankha kukanakhala kumuvula malemu pagulu.

Lero khoma lija ladzaza njovu, ina yobiriwira, kuti igwirizane ndi mipando ya hotela. Palibenso amene amati "kwa a manja aja". Mayi amakhala pakona atafulatira khomalo, kumadula mafelemu, ndipo Loweruka sabwera n'komwe.

Tsiku limene Mayi ankasamukira m'nyumba yaing'ono, telala uja anakawathandiza kunyamula kabati ya zovala. Kuseri kwake anapezako manja okhaokha, okutidwa m'nsalu zofunda, lililonse mu felemu yake. Telalayo pakamwa ndi pobooka, koma tsiku limenelo anangovula chipewa n'kutuluka.

Mlendo uja sanakhaleko: madontho onse ankamata okha Mayi Mafelemu, zithunzi n'kupita nazo kwawo.