Tepi Yoonera Kamodzi

Tepi ya ukwati wa mlongo wanga idzalowa m'deki, makina oonetsera matepi a vidiyo, kamodzi kokha, ndipo ikadzatuluka sidzaonetsanso kanthu. Anandiuza zimenezi ndi wokonza mawayilesi wa ku Limbuli, munthu amene wagwira matepi kuyambira nthawi imene aliyense ankaonera kanema pa tepi. M'tepimo muli maola atatu. Muli mayi athu, amene anatisiya chaka chatha. Mulinso mwamuna amene mlongo wanga safuna kumuonanso.

Ukwatiwo unachitika zipani zambiri zitangoyamba kumene. Mkwati anali mmodzi mwa anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ankathyola tiyi pa esiteti ina. Ine nthawi imeneyo ndinali mtolankhani ku Blantyre, ndiye ndine ndinabwera ndi wojambula. M'mudzi mwathu, kufupi ndi Chinakanaka, unali ukwati woyamba kujambulidwa pa vidiyo. Anthu ankavina akuyang'ana kamera m'malo moyang'ana akwati.

Mwana wawo wamkazi atayamba kukwawa, mlamu wanga ananena kuti akukaona munda wa makolo ake kutsidya kwa malire, abwerako pakatha sabata ziwiri. Sanabwerenso. Patapita chaka tinamva kwa anthu ogula chimanga kumeneko kuti anakwatira mkazi wina. Mlongo wanga sanalire pagulu. Anatenga sizasi n'kumudula pazithunzi zonse, moti mpaka lero pali chithunzi cha iye atavala velo, paphewa pake pali dzanja lopanda mwini. Tepi yokha ndiyo inapulumuka, chifukwa mayi anaibisa pansi penipeni m'sutikesi yawo.

Tinaipeza tikugawa zovala za mayi. Kwathu kuno chiperoni chikakhala masiku angapo, zinthu za m'nyumba zimachita chuku: nsapato, malamba, mabuku a nyimbo. Mayi ankadziwa mankhwala amodzi okha a chuku, omwe ndi dzuwa. Kunja kukayera ankayala mphasa pabwalo n'kuyanika zonse za mu sutikesi, ndi tepi yomwe. Anachita zimenezi chaka ndi chaka, pofuna kuiteteza. Pamene tinkaipeza n'kuti pulasitiki yake itapindika, ndipo pakagalasi kake ukasuzumira unkaona zoyera ngati ufa.

"Achimwene, inu ndi amene munabweretsa zimenezi," mlongo wanga anatero pondipatsa. "Ndikufuna ndiwaone mayi akuyimba nyimbo yawo ija ya Chilomwe. Zina zonsezo ayi."

Ndinayamba ndi kufuna deki. Ku Chitakale ndinalowa masitolo onse ogulitsa zamagetsi. M'sitolo yomaliza mayi wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Deki? Madala, galamafoni simuifunanso? Tikukulungireni pamodzi."

Anaseka, koma ndi iye amene anandilozera ku Limbuli. Kumeneko, kuseri kwa msika, kuli bambo amene kale anali ndi nyumba yoonetsera kanema. Anali ndi madeki atatu akufa, ndipo pa sabata imodzi anaphatikiza ziwalo zake n'kutulutsa imodzi yamoyo. Tepi yathu anaimasula ndi sikuludilaiva, anasamutsira kalamba kakuda ka m'kati mu chibokosi cha tepi ina, n'kukapukuta pang'onopang'ono ndi kansalu. Atatha anandionetsa chala chake. Chinali ndi fumbi lakuda.

"Mukuona awa, bwana? Ndi anthu anu akugwa awa. Zithunzi zimakhala pa fumbi limeneli. Ikadutsa pa hedi kamodzi, lotsalalo lichoka. Musaibweze m'mbuyo, musaiimitse panjira. Ikayamba izipita mpaka kumapeto."

Hedi ndi kachitsulo kozungulira ka m'deki kamene kamawerenga tepi. Ndinalemba zonsezi m'kabuku kanga ngati ndili pamsonkhano wa atolankhani.

Kenako anandifotokozera njira ziwiri zosamutsira kanemayo. Yoyamba ndi chingwe chochoka ku deki kupita ku kompyuta. Kompyuta imatenga zonse, ndipo munthu amadula pambuyo pake mosafulumira. Yachiwiri ndi kabokosi kakang'ono kokhala ndi memore khadi ndi batani limodzi lofiira. Ukadina kamayamba kujambula, ukadinanso kamasiya, tepi ikupitirira kuyenda ndi kuoneka pa tivi. Zimene zadutsa kabokosi katasiya, zapita.

Ndinakamufotokozera mlongo wanga pakhonde pake, iye akusenda nandolo. Ndinayamikira kompyuta. Ndinati ndi yaukhondo, sitaya kanthu, ndipo tikhoza kuika kanemayo pa fulashi, pa foni, paliponse.

"Paliponse," anabwereza mawu anga. "Ndiye mawa ndikapita kuchigayo ndikapeze akazi anzanga atazungulira foni, akuonera ine ndikumwetsana fanta ndi munthu uja?"

"Tidzamudula, achemwali."

"Mudzamudula atalowa kale m'kompyuta. Inu anthu a nyuzipepala simutaya kanthu, ndimakudziwani. Mpaka malisiti a basi mumasunga. Mugule cha batanicho. Ndidzakhala pomwepo, akatulukira muzidina."

Za choonerera anasankhanso yekha. Anakana fulashi, anakana foni. Anafuna makina a zimbale, oti azilumikiza ku tivi yake, chifukwa chimbale chimakhala m'nyumba, sichiuluka. Makina amenewo nawo ayamba kusowa. Ndinawapeza akale kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndipo ndinawayesa ndi chimbale cha kwaya. Kabokosi ndinachita kuitanitsa ku Limbe. Zonse zinakwana, ndipo tepi inali ya mlongo wanga. Panalibe choti n'kukangana.

Sabata yomweyo kunabwera mwana wake. Tsopano ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo akuyembekezera mwana woyamba. Anafika masana akuchokera kusukulu, choko chikanali kumanja, anakhala pampando osavula n'chikwama chomwe.

"Amalume, ndamva kuti tepi yapezeka."

"Yapezeka."

"Bambo anga alimo?"

"Alimo."

"Ndimafanana nawo?"

Ndinafuna kuyankha molondola, koma ndinapeza kuti nkhope ya mlamu wanga sindikuikumbukira bwino. Ndinkakumbukira suti yake yobwereka, yaifupi manja. Ndinkakumbukira kuti ankaseka atatseka pakamwa ndi dzanja.

"Sindikufuna kuwafunafuna," anatero. "Sindikufuna kanthu kwa iwo. Koma apongozi anga akandifunsa kuti mphuno iyi ndi ya kwa yani, ndimangoseka. Mwanayu akadzabadwa ndidzayang'ana nkhope yake osadziwa kuti theka lake lachokera kuti. Mayi musawauze kuti ndabwera. Akamva dzina lokha amadwala mutu masiku awiri."

Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo woyang'anira mbumba ndi malume. Mlongo wanga ndi mbumba yanga, mwana wake ndi mbumba yanga. Nkhani ya aliyense wa iwo imathera pakhomo panga, ndipo palibe wina pamwamba panga woti ndikamutulire. Ndinagwira njakata.

Wokonza mawayilesi uja ndiye anandipatsa njira yotulukira. Ndinapita kukatenga deki, ndipo ndinamuuza nkhaniyo osatchula maina.

"Aa, bwana, nkhani yake ndi imeneyi? Deki iyi kumbuyo ili ndi potulukira pawiri. Chingwe china chipite ku kabokosi, china chidutse pansi pa tebulo kupita ku kompyuta m'chipinda. Mayiwo azidina mpaka chala chitupe, inu mukutenga zonse. Adziwa bwanji?"

Chingwecho anandipatsa chaulere. Chinakhala m'thumba la jekete langa milungu isanu. Kawiri ndinachilumikiza, kuyeza kutalika kwake kuchoka pabalaza kufika kuchipinda, n'kuchichotsanso. Chinkakwana bwinobwino. Vuto ndi lakuti ndinagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba ya nyuzipepala, imene inkadalira zinthu zotuluka m'madilowa a anthu, ndipo sindinaonepo chinthu chokopedwa chikukhala pamene anachisiya. Mwana akanaonetsa mwamuna wake, mwamuna akanaonetsa mayi ake. Mlongo wanga akanadziwa, mwina pakatha mwezi, mwina pakatha chaka, ndipo akanadziwanso kuti anakhala maola atatu pabalaza panga ndikumupusitsa.

Ndiye ndinayamba kuzengereza. Mlongo wanga akaimba foni ndinkati magetsi sakudalirika sabata ino. Mwana wake akaimba ndinkati deki ikufuna kupukutidwa. Tepi ndinaiika m'chitini cha bisiketi pamwamba pa kabati, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatsegula kuona ngati zoyera zija zabwerera. Ndinasiya kupita ku Chinakanaka tsiku la msika poopa kukumana ndi mmodzi wa iwo. Ndinasiyanso kudutsa msewu wa kusukulu. Munthu wamkulu, wopuma ntchito, ndinkazungulira njira ya m'minda ya tiyi kuthawa mbumba yanga yomwe.

Kumapeto kwa Meyi phiri lakwathu kuno linayamba kubisala m'mitambo m'mawa. Ndinakumana ndi wokonza mawayilesi pa siteji ya minibasi ku Chitakale, ndipo sanandipatse n'moni womwe.

"Mwajambula?"

"Ayi."

"Chiperoni chikubwera, bwana. Chuku chikagwiranso sindipukutanso kachiwiri, palibe chotsala choti n'kupukuta. Mudzasowa onse, mayi anu ndi mlamu wanu yemwe."

Tsiku lotsatira ndinapita kwa mlongo wanga. Ndinam'peza akuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinamuuza zonse motsatana: kuti mwana anabwera, zimene anapempha, kuti anandiletsa kunena, za chingwe chachiwiri, ndi kuti tatsala ndi masiku ochepa. Chingwecho ndinachitulutsa n'kuchiika pamwala wochapirapo.

Anapitiriza kufinya chitenje mpaka madzi anasiya kudontha.

"Milungu isanu muli nacho m'thumba?"

"Isanu."

"Mwakalamba, achimwene. Kale mukanachita tsiku lomwelo."

Anayanika chitenjecho, anapukuta manja, n'kukhala pachidebe.

"Mwanayo sanandifunsepo. Zaka zonsezi."

"Amaopa mutu wanu."

"Mutu wanga ndi wanga." Anayang'ana chingwe chija pamwala. "Paja munati kabokosi kakasiya kujambula, tivi imaonetsabe?"

"Imaonetsabe."

"Ndiye abwere. Akhale kutsogolo, awaone bambo akewo kuyambira kutchalitchi mpaka kumapeto, akhute. Koma kamodzi komweko. Mafoni onse atsale m'beseni panja, yanu yomwe. Ndipo batani ndigwira ine, inu manja anu sindikuwakhulupiriranso."

Ndinamukumbutsa chinthu chimodzi chimene ndikuchidziwa bwino, poti ndinaima pambali pa wojambula tsiku limenelo. Pamene mayi ankayimba nyimbo ya Chilomwe ija, anali atagwira mkwati dzanja, akumuvinitsa pakati pa bwalo. Nyimbo yonse ali limodzi. Palibe njira yotengera mayi n'kusiya mlamu.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinalipo."

"Ndiye pamenepo mudzadina kapena ayi?"

"Ndidzaona pomwepo."

Mwana wake nditamuuza, anangoti zikomo amalume n'kudula foni. Wokonza mawayilesi wavomera kubwera ndi batire ndi makina ake osinthira mphamvu, kuti magetsi akazima tepi isaime panjira. Ndasuntha tebulo, ndaika mipando itatu, wanga pakati. Loweruka lino nthawi ya 9 koloko m'mawa tepi ilowa m'deki. Mwa kukumbukira kwanga, nyimbo ya mayi ili chakumapeto kwa ola lachiwiri.