Gauni Kumbali ya Makolo

1. Za mmene ndinatsanzikirana ndi Fomu 4

Ine mlembi wa mawu awa ndine mlimi wa ku Manyamula, ndipo ndinalowa Fomu 4 imvi zitamera kale. Ndikupempha kufotokoza mwaulemu zimene zinandichitikira.

Poyamba ndinkaphunzira masana pa sukulu ya boma, ana a yunifolomu akaweruka. Aphunzitsi aakulu ananena mosabisa kuti chofunika n'kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. Nditafunsa ngati ife a masana tidzakhale nawo pa mwambo wotsanzikana, anati: “Adada, gauni si satifiketi. Kawerengeni.” Ananena zoona. Komabe ine ndinali nditawerenga ndekhandekha zaka zambiri pansi pa chigafa cha fodya, ndipo ndinkafuna kuti tsiku limodzi anthu aone ndi maso kuti munthuyu wafika pamapeto.

Motero ndinasamukira ku sukulu ina yapulaiveti ku Mzimba boma, kumene aliyense wa Fomu 4 amavala gauni mayeso asanayambe. Lolemba ndinkapalasa njinga kupita, Lachisanu kubwerera kumudzi. Malamulo a mwambowo anali nsapato zakuda, tsitsi lometa, ndiponso kubwera ndi kholo. Wopanda kholo, anatero akuluakulu a sukuluyo, dzina lake silidzaitanidwa.

Ndinakaonekera kwa achiwiri kwa aphunzitsi aakulu. “Bwana, makolo anga anagona kalekale, mayi a kunyumba anatsogola, ndipo mwana wanga ali ku Joni. Nditani?” Iwo anaseka mpaka kugwira tebulo. “Mbwenu, ndiye basi, inu ndinu kholo kale, adada. Mudzadzibweretse nokha!” Ine ndinalandira mawuwo monga chilolezo cha ofesi.

Tsiku la mwambo ndinafika nditavala jekete, gauni nditapinda m'jumbo. Mlonda wa pageti ataona imvi anandilozera benchi ya makolo, ndipo sindinatsutse, popeza ndi mmene bwana ananenera. Mayi wina wa ku Euthini amene ndinayandikana naye anandifunsa: “Wanu ndi uti, adada? Wanga ndi uyo wamakutu ngati a bambo ake.” Ndinayankha kuti, “Mumuona, amama.”

Mwambo wake unali wotere: dzina likaitanidwa, mayi wa mwana ankaimba nthungululu, n'kuthamanga kukayala chitenje pansi kuti mwanayo apondepo, kenako ankajambulitsa limodzi. Mayi wa ku Euthini uja anachita zomwezo, nabwerera ali wefuwefu.

Dzina langa linamveka chakumapeto. Ndinaimirira, ndinatulutsa gauni m'jumbo, ndinavala pomwepo pakati pa makolo. Anthu m'holo monse ankacheukacheuka kufuna kuona amene ayambitse nthungululu. Ndinayenda pa simenti yopanda chitenje, ndikumva kulira kwa nsapato zanga zatsopano. Wina kumbuyo anakuwa: “Agogo amaliza!” Anthu anaseka, ena n'kuomba m'manja pang'ono.

Wojambula anati: “Kholo lisendere pafupi.”

“Kholo ndine ndemwe, achimwene.”

Anatsitsa kamera, anandiyang'ana, nati: “Ndiye imani pakati.”

Nditapita kumbali ya ophunzira ndinapeza kuti mpando wanga palibe, pakuti powerenga mipando anandiika kwa makolo. Ndinabwerera ku benchi yanga ndili chivalire gauni. Mayi uja anandigwira mkono. “Adada, bwanji osandiuza? Chitenje ndinali nacho, pakamwa ndinali napo.”

“Yewo chomene, amama. Zapita kale.”

Mayeso ndinakhoza, ndipo satifiketi ili m'sutikesi. Chithunzi chija ndinachipachika pakhoma. Ndili pakati monga anandiuzira, ndipo mbali zonse ziwiri kukuoneka katani ya holo.

Ndatha ine, wophunzira ndi kholo lake,
pano pa Manyamula, chimanga chitalowa m'nkhokwe.