Wailesi ya m'Chifuwa Mwanga

Kamtsuko kaja kanali kobenthuka kukamwa, ndipo simunkakhala madzi akumwa. Munali mchenga wonyowa, momwe amayi ankakwiriramo kabotolo ka insulini, mankhwala anga a shuga, kuti asawonongeke ndi kutentha kwa Okutobala. Kwathu kwa Njombwa firiji tinkangoimva.

Ndinali mu Sitandade 3, nyengo yothirira nazale za fodya. M'mawa amayi ankandibaya chala kuyeza shuga, kenako jakisoni pantchafu. Ndinkalirako pang'ono, mwamwambo chabe, chifukwa mtima unali kale kudimba.

Adokotala ku Boma anali atanena zambiri: zakudya, nthawi ya jakisoni, ndiponso kuti shuga akamangokwera amawononga mtima pang'onopang'ono, choncho mwanayu azithamanga. Amalume anatolapo mawu amodzi okha, akuti azithamanga. Basitu, tsiku lililonse unali mpikisano wopita kudimba, iwo atanyamula makheni awiri othirira, ine chimanjamanja. Ndinkawasiya kumbuyo akufuula, "Mwana ameneyu ndi njinga yamoto!" Lero ndikudziwa kuti miyendo yaitali ngati ija sikanagonja kwa kamtsikana ngati ine. Ankachita dala, ndipo ndimawakonda nazo mpaka pano.

Ndimakumbukira fungo la udzu wonyowa wophimbira mbande, ndi matope ozizira akutuluka pakati pa zala zakuphazi. Tsiku lina shuga anatsika tili konko. Manja ananjenjemera, thukuta lozizira kuti chuu. Amalume anaponya kheni, n'kundipatsa maswiti omwe ndinkayenda nawo m'thumba pa zoterezi. Anzanga omwe anali kudimbako anaima kukamwa yasa, nati matenda anga ndi a mabwana. Ndinayenda monyada sabata yonse.

Koma chokoma kuposa maswiti chinali pobwerera. Amayi ankagwada pakhonde, n'kuika khutu pachifuwa panga.

"Khala chete ndimvere wailesi yanga."

Ndikafunsa kuti lero ikuimba chiyani, ankati kwaya ya Lamulungu. Ndinkaseka mpaka kugwa, chifukwa khutu lawo linkandinyerenyetsa. Iwo ankachedwa kulichotsa.

Ine ndinkati ndi masewera athu awiri. Ndinali ndisanadziwe kuti bambo anga, omwenso anali ndi shuga, anagwa pakati pa mizere ya fodya ine ndili kumsana, ndipo amayi anaika khutu lomwelo pachifuwa pawo, osamva kanthu.