Sowo Imene Inakana Kuzima

Zimene ndikuuzeni pano ndi zoona zokhazokha, ndipo wokusimbiraniyu si munthu wamba: ndine injiniya woyamba m'boma lonse la Mulanje kuukitsa makina akufa. Chabwino, ku koleji ya zaumisiri ndinangokhalako matemu awiri, yachitatu anandipempha mwaulemu kuti ndikapitirizire kunyumba, koma sipanala ndinaigwirako.

Zinali zaka zija tinkalowa mumsika ndi khadi la chipani m'thumba, nkhondo ili mkati ku Mozambique. Ine ndinali mkamwini kufupi ndi Milonde, wosagwira ntchito, wodya za eni. Tsiku lina apongozi aamuna, omwe anali mlonda pa esiteti ya tiyi, anabwera ndi chichitsulo chadzimbiri panjinga, akuti anawapatsa posesa shedi yakale. Mudzi unagawikana. Ena ankati ndi mpope wamadzi, ena njinga yamoto yopanda mateyala, wina mpaka ananong'ona kuti ndi mfuti ya Apwitikizi, tiiponye m'chimbudzi tisanayambe kufunsidwa mafunso. Ine ndinakwecha kachitsulo kolembedwa ndi phulusa ndi mandimu, panatuluka zilembo za Chijeremani zimene ndinawerenga mokweza ngati ndikumva. Koma tcheni chake cha mano, ndi chogwirira chachiwiri kumapeto kwa chitsulo chachitali ngati ine ndemwe, ndi zimene zinandiululira: inali sowo ya injini yakalekale, yogwira anthu awiri, yogwetsera bulugama.

Miyezi iwiri ndinali pa iyo osapuma, mtima uli dyokodyoko. Tcheni ndinaviika m'palafini, mano ndinanola limodzilimodzi ndi tupa, gasiketi ndinadula pakatoni, pulagi ndinakagula ku Chitakale. Sipuling'i yobweza moto inali itaduka, ndiye ndinangomanga ndi waya pamoto wonse, poti makina aulemu wake sayenda monyinyirika. Panalinso kawaya kena kolendewera, kosaoneka ntchito yake. Ndinakadula chifukwa kankaipitsa maonekedwe.

Tsono mukudziwa mwambo wathu kuno: mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Mukakumana panjira wina amapatukira m'chinangwa, ndipo mawu amadzera kwa mkazi wako. Zaka zitatu ndinali ndisanawayankhulepo maso ndi maso.

Loweruka lina m'mawa, mkazi wanga ali kumsika, anthu anadzaza pabwalo. Ndinasakaniza petulo ndi oilo, ndikudzaza thanki thothotho. Apongozi aamuna anagwira chogwirira chakumapeto, ine mbali ya injini. Ndinakoka chingwe kasanu ndi kanayi, anthu akuseka, kachikhumi chinthu chija chinadzuka. Anthuni, kulira kwake! Utsi wabuluu toloo, nkhuku kubalalika, ine chimwemwe mpaka misozi. Wina anakuwa kuti nkhondo yawoloka mtsinje wa Ruo, ndipo mwakanthawi bwalo lonse linathawira m'tiyi.

Tinanyamuka nayo kupita pachipika, ndipo m'pamene apongozi anafunsa mokuwa kuti nanga chimazima bwanji. Ndinayang'ana pamene ndinadula kawaya kaja. Kodi si kameneko kanali kozimitsira?

Ganizirani: anthu awiri, pakati pathu tcheni chikuthamanga mosaoneka ndi maso, chisowo chikulumpha ngati mbuzi yomangidwa. Ndikanasiya ine, mano aja akanapita pamimba pa apongozi, akanasiya iwo, akanabwera pa ine. Kuyika pansi kosatheka, chikanakumba dothi n'kutithyolera miyendo. Manja anayamba dzanzi, ndipo ndinaona zala za mkulu uja zikuterereka ndi thukuta. Kenaka tcheni chinapsopsona buluku lawo pabondo, chinsanza n'kuuluka. Thanki ndinali nditadzaza ndekha, ndipo ndinadziwa kuti petulo asanathe, mmodzi wa ife adzakhala atatha.

Pabwalo panatsala munthu mmodzi yekha: apongozi aakazi, ataima kuseri kwa nkhokwe, nkhope ataloza kwina monga mwa mwambo. Ndinakuwa ndikuyang'ana kuphiri kuti ngati alipo munthu, akawauze amayi akoke waya wakuda pamwamba pa injini. Iwo anayankha akuyang'ana nkhokwe kuti munthuyo andiuze kuti waya wakuda ulipo wambiri. Apongozi aamuna anatukwana m'Chilomwe, nkuti ulemu wathuwo tikauchitire pamaliro awo. Pamenepo ndinatembenuka, ndikuwayang'ana amayi aja m'maso, ndikuloza pulagi ndi chibwano. Anatenga nsungwi yothyolera mapeyala, anayandikira mwakachetechete ngati akufuna peyala lakupsa, anakola wayayo, n'kuthyola.

Sowo ija inazima pomwepo. Tinaiyika pansi, n'kukhala pansi tonse awiri. Amayi anatsamiritsa nsungwi yawo pamtengo, ndipo mawu oyamba amene anandiuza mwachindunji m'moyo mwanga anali akuti chitsulocho chichoke pakhomo pawo dzuwa lisanalowe.

Lero ndimakhulupirira kuti nzeru yoyatsa chinthu ndi theka chabe, ndipo theka linalo mwina ankaphunzitsa temu yachitatu. Mukatola makina akale, musadule waya chifukwa choti simukuudziwa, ndipo musakoke chingwe musanapeze pozimitsira. Ine ndinapulumuka motchipa: telala wapakhonde anasoka buluku la apongozi pa 35 tambala.