Telala Amene Anamva Maliro Ake

Chaka chimene a bungwe lotipatsa ziphaso za unamwino ankazungulira m'makiliniki kufunsa maganizo athu, ine ndinali wapakamwa kuposa onse. Ankafuna kusintha malamulo a zimene namwino amaloledwa kuchita. Zina zinali za mankhwala, zina za azamba, koma mfundo imene inandigwira mtima inali yakuti munthu akamwalira kunyumba, namwino aziloledwa kutsimikiza kuti wamwaliradi, m'malo moti abale azizungulira ndi mtembo kukadikira dokotala kuchipatala chachikulu. Anzanga pakiliniki ankandiseka kuti ndikufuna udokotala wolowera pawindo. Ine ndinkawayankha kuti imfa ndimaidziwa kuposa dokotala amene sanapondepo matope a kwathu ku Chawama.

Kunyadako kunali ndi pochokera. Kwathu m'komboni munthu akazizira, asanalire aliyense amayamba athamangira kwa ine. Ndikafika ndimapeza amayi ali duu pakhomo, maso ali pakamwa panga. Mawu anga sanali a lamulo, koma ndikangogwedeza mutu, kulira kumayamba.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala atelala achikulire, Asilamu, amene makolo awo anachokera ku Malawi. Ndiwo ankandisokera mayunifomu, ndipo ankadwala shuga. Tsiku lina m'mawa, mwezi wa Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa, mwana wawo wamkulu anandipeza ndikuchapa.

"Ba sisita, batate bazizila," anatero.

Ndinapita thovu lili m'manja, ndilibe chipangizo chilichonse, pakuti zonse zinali kuntchito. Ndinapeza mipando yatulutsidwa kale panja, makina osokera awaphimba ndi chitenje. Shehe anali atafika, nsalu yoyera yokulungira mtembo ili pamiyendo pawo. Amayi oyandikana nawo nyumba, a matchalitchi osiyanasiyana, anakhala motsamira khoma atadzifunditsa mpaka m'mutu. Panalibe wolira kapena wotsokomola. Khamu lonselo linkangonditsatira ndi maso, ndipo ndinkamva kuphwaphwata kwa masilipasi anga okha.

Atelala anali gone chagada, kukamwa kuli kotseguka pang'ono, thupi lozizira ngati simenti ya pansi. Ndinagwira pamkono, palibe. Ndinagwira pakhosi, palibe. Zala zanga nazonso zinali zitachita dzanzi ndi madzi ochapira aja. Ndinaika khutu pachifuwa pawo, n'kungomva magazi a m'khutu mwanga momwe. Mumtima ndinati apita.

Mwana wawo anandichonderera kuti ndingonena mawuwo kuti ayambe kusambitsa thupi, chifukwa mwambo wawo umafuna kuika maliro tsiku lomwelo, ndipo za kupolisi ndi kuchipatala zimadya dzuwa lonse. Ndinamuuza kuti sindiloledwa, asawasambitse, apite nawo kwa dokotala. Ndinanena mokalipa, koma amene ndinkamukalipira sanali iye, linali lamulo londimanga manja pa chinthu chimene ndinkachiona ndi maso anga. Anawanyamula pakagalimoto konyamula njerwa. Kasanakhote n'komwe, amayi aja anayamba kulira.

Pamsewu wotulukira m'komboni panali dzenje lalikulu limene madalaivala a minibasi ankalitukwana tsiku ndi tsiku. Kagalimoto kaja katagwera m'menemo, mtembo unabuula. Ana awo akuti anatsala pang'ono kudumpha. Kuchipatala anapeza kuti shuga anali atatsikiratu, kuphatikiza kuzizira kuja. Anawaika diripi, ndipo patapita masiku angapo atelala anabwera kwawo akuyenda ndi miyendo yawo.

Komboni siikhululukira munthu amene yamulira kale. Anthu analeka kuwabweretsera zovala. Amayi omwe aja ankalambalala pakhomo pawo, ena amvekere uja ndi mzukwa. Koma masana aliwonse, komboni ikati zii, makina ankamveka akulira pakhonde. Analibe chosokera munthu, ankangolumikiza tizigamba. Ine ndemwe, namwino wathunthu, ndikamva makinawo tsitsi linkandiima, ndipo zinkandichititsa manyazi. Tsiku lina ndinatenga yunifomu yosang'ambika n'komwe, ndikuti akaichepetse m'chiuno, kuti anthu aone kuti sindikuopa.

Anailandira, n'kuitembenuza uku ndi uku. Kenako osandiyang'ana anati, "Mayi sisita, khutu lanu linali lozizira tsiku lija."

Ndinakhala pakampando. Anandifotokozera mwaphee, ngati akunena za mtengo wa ulusi, kuti anamva zonse. Anamva mipando ikukwekwerezedwa, anamva shehe akupemphera, anandimva ine ndikulowa. Anayesetsa kugwedeza chala chimodzi chokha kuti ndione, chala osamvera. Anamva ndikukana, anamva amayi akuyamba kulira. Ndinayesa kudzilimbitsa mtima, n'kunena kuti ndiye kuti lamulo lija linawathandiza. Anapukusa mutu. Anati ndikanavomera akanadzukira m'manda, koma msewu ukanakhala wosalala akanadzukira m'firiji ya kumochale, chifukwa m'galimoto ana awo ankakambirana za kumeneko basi.

"Chinandipulumutsa ndi dzenje," anatero. "Ndiye tsiku lenilenilo mudzabwere inuyo. Musadzathamange. Mudzandifunse kaye."

Yunifomu ndinakaitenga patapita masiku, ali osaikhudza m'chiuno. Anangolimbitsa mabatani.

Msonkhano womaliza wa malamulo aja unachitikira muholo ina m'tauni. Titafika pa mfundo ya imfa, anzanga onse anatembenukira kwa ine kudikira phokoso langa la masiku onse. Ndinangofunsa chinthu chimodzi, kuti namwinoyo azimvetsera nthawi yaitali bwanji asananene kuti munthu wapita. Mayi amene ankatsogolera zokambirana anayankha bwino ndithu, kuti padzakhala maphunziro, ndiponso palibe adzaloledwe kutero wopanda zipangizo. Zinali zomveka. Atati ogwirizana nazo akweze manja, ndinakweza, chifukwa atelala anali atandipempha kuti wodzanena ndidzakhale ine. Koma mkono unkalemera, ndipo ndinali ndi mantha amene sindinauzepo mnzanga aliyense. Nkhaniyo anapita nayo kwa akuluakulu, ife tinabwerera kuntchito kukadikira.

Atelala anamwalira chaka chotsatira, nyengo yotentha, dzuwa lili paliwombo. Yankho la akuluakulu linali lisanabwere. Ulendo uno mipando inali m'nyumba momwemo, palibe analimba mtima kuikhudza. Amayi anaima patali, kutsidya kwa ngalande. Ndinabwera ndi zonse, chomvetsera mtima, tochi, kamakina koyezera shuga. Ndinayeza shuga. Ndinawaunika ndi tochi m'maso, maso osasuntha. Ndinamvetsera pachifuwa mbali iyi ndi iyo, n'kubwerezanso, mpaka mawondo anandipweteka pasimenti. Nsagwada zinali zitayamba kuuma. Namwino aliyense akanadziwa, inenso ndinadziwa. Shehe anasuzumira pakhomo kangapo, kenako anandikumbutsa mwaulemu kuti dzuwa likupendeka. Ndinawapempha kuti atuluke onse.

Nditatsala ndekha ndinawerama pakhutu pawo. "Bambo, ndine sisita. Ndamvetsera, sindinamve kanthu. Ngati mukundimva, nthawi yake ndi ino."

Ndinayang'anitsitsa zala zawo, chimodzichimodzi. Malata ankathetheka ndi dzuwa pamwamba pathu. Ntchentche inatera pachala chachikulu, n'kuyenda mpaka pachikhadabo, n'kuuluka. Chala sichinagwedezeke.

Ndinatuluka n'kuuza mwana wawo kuti kwa ine bambo ake apita, koma lamulo likadali lomwe lija, tiyenera kupita kwa dokotala. Sanatsutse. Amayi aja sanalirebe, anangotiyang'ana tikukweza thupi m'galimoto. Ndinakwera kumbuyo komweko, mutu wa atelala uli pamiyendo panga, zala zanga ziwiri zili pakhosi pawo. Ndinagogoda pagalasi n'kuuza dalaivala kuti adzere msewu womwe uja, ndipo asazembe kanthu.

Ndinali nditaiwala kuti msewuwo anauthira phula mvula itatha. Ndinkaudutsa tsiku lililonse popita kuntchito, koma ndinali nditaiwala. Tinadutsa pamalo pa dzenje paja galimoto osagwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo zala zanga sindinazichotse pakhosi pawo mpaka pageti la chipatala.