Nandolo wa Emelia

Mlamu wanga Emelia anafika kunja, ku mapulazi a fodya a ku Trelawney, nthawi ya Chitaganya, atamanga mbewu ya nandolo m'kansalu kuchokera kwawo ku Mulanje. Mwamuna wake, mkulu wanga Kalino, ankasonkha moto m'mabani owumitsira fodya. Emelia ankasankha fodya m'shedi, ndipo tsiku lake lopuma linali Lamulungu lokha. Kuseri kwa komboni anadzala mizere ingapo. Papulazi yonseyo panalibe wina wolima nandolo, choncho mbewu ikanatha, kunalibe koipempha.

Chaka chilichonse maluwa akangoyoyoka, mbozi zinkabwera kudzaboola makoko n'kudya njere zili zanthete. Emelia ankatola zinyenyeswa za fodya zosesedwa m'shedi, n'kuziviika mumgolo pamodzi ndi kachidutswa ka sopo. Madzi akada ankawaza nandoloyo ndi tsache. Fungo lake linkamuchititsa nseru, manja ankayabwa, koma mbewu inkapulumuka.

Ndiye kunabwera Yeremiya, Mnyasa mnzathu, amene mzungu anamupatsa chipewa ndi ndodo kuti azisaka chikokiyana, mowa woletsedwa uja. Lamulungu lina anapeza mgolowo uli chivundikirire m'nthochi.

"Mayi a Jesinta, mwayamba liti kufulula?" anafunsa Emelia, pomutchula ndi dzina la mwana wake.

"Kufulula chiyani, achimwene? Ndi mankhwala a mbozi awa. Talawani, tikuimbireni nyimbo zamaliro mawa."

"Chilichonse cha mumgolo ndimataya. Ndi lamulo la abwana."

"Kodi pokupatsani chipewacho anakulandani mphuno?"

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunapha nandolo. Yeremiya ankadziwa bwino kuti si mowa, pakuti anakulira m'fodya. Anagubuduza mgolo n'kuulanda, m'mawa mwake n'kukanena kwa mzungu kuti akazi akutulutsa fodya m'shedi. Kuyambira pamenepo ankawapisa pakhomo la shedi, ngakhale m'duku. Munthu ameneyu pambuyo pake anakhala mkulu wa mpingo. Ine dzanja langa sindinamupatsepo mpaka anamwalira, ndipo sindidandaula.

Emelia anayesa phulusa, anayesa kutola mbozi ndi manja. Koma inali nyengo yosankha fodya, kulowa m'shedi kusanache, kutuluka dzuwa litapita. Pofika Lamulungu ankapeza makoko ali mabowo okhaokha. Sanatukwane munthu. Anangokhala pamphasa n'kusenda khoko lililonse, mpaka anapeza tinjere tosadzaza chikhatho, tambiri tolumidwa mbali.

Mvula itagwa anadzala tinjereto. Sitinamere.