Mfuti ya Abambo Sindinaipereke

Kwathu kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, mfuti inali ya pamtundu. Agogo a abambo ankasakira njovu gogodela, mfuti yothira wonga kukamwa. Abambo anali ndi ya zipolopolo, ya chiphaso cha ku boma, yoophera ng'ona ndi anyani oononga m'minda. Mwana wamwamuna analibe, choncho anaphunzitsa ine. Anthu ankati mkazi akagwira mfuti sadzabereka. Abambo ankangoti, "Tsamiza paphewa, usatsinzine."

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kunamveka za zigawenga, ndipo aliyense wokhala ndi mfuti ankayang'anidwa ndi diso lofiira. Lachisanu lina abambo ali kumzikiti, kunabwera tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu ndi anyamata ake atatu. Mkuluyu ankaisirira mfutiyo kuyambira kale. Anali atapemphapo kuti aigule, abambo n'kukana.

"Iwe mtsikana, tulutsa mfuti ija. Boma laitanitsa."

Ndinaima pakhomo. "Kalata yake ili kuti, bambo?"

"Kalata ndine."

"Anatipatsa chiphaso ndi apolisi. Abwere okha adzatenge."

Mmodzi wa anyamatawo anandimenya mbama mpaka khutu linalira. Amayi anandigwira chitenje, akunong'ona kuti ndingowapatsa. Koma ine ndinagwira mafelemu a chitseko ndi manja onse awiri, n'kukuwa kuti mudzi wonse umve: "Akuba mfuti masana! Eni ake ali kuswala kumzikiti!" Azimayi amene ankapuntha mpunga pafupi anasiya, nabwera kudzaima phee pabwalo. Tcheyamani anawayang'ana, analavula pansi, nachoka.

Abambo atamva sanandiyamikire kapena kundikalipira. M'mawa mwake anakulunga mfuti m'chiguduli, napalasa njinga kukaipereka okha kupolisi ku boma. Anawasunga masiku anayi akuwafunsa mafunso. Anabwerako ataonda, opanda mfuti, koma ndi kapepala kosonyeza kuti ili m'manja mwa apolisi.

Mfutiyo inabwerako patapita miyezi isanu, thako lake litang'aluka. Abambo anasema lina la mlombwa, nalifupikitsa pang'ono kuti likwane mkono wanga. Chaka chomwecho ng'ona inagwira mbuzi zathu ziwiri padooko. Ndinaidikirira m'bango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, n'kuiwomba kuseri kwa diso. Tcheyamani anabwera nawo kudzaiona, ndipo sindinam'patse moni.